Intaneti Yatsika Kumwamba, Nanga Sikelo Yake Ili Kuti?

Ife anthu a kunyanja sitichita kuphunzitsidwa kuyang'ana muyeso. Mayi wa ku Makanjira kapena ku Senga Bay akapita padoko kukagula usipa, asanafunse n'komwe mtengo amayamba watembenuza bigili kuti aone ngati pansi pake sipadakhomedwere m'kati. Akalipeza lopindika amaliika pambali n'kuitanitsa lina, ndipo palibe amene amamunena kuti ndi wamwano. Abale athu a ku Chigwa cha Shire nawonso nkhani ya muyeso amaidziwa mpaka m'mafupa. Mlimi wa thonje ku Ngabu kapena wa chitowe ku Tengani amaima maso ali pa muvi wa sikelo kufikira thumba litatsika, pakuti adaona kangapo thukuta la chaka chonse likuthera m'sikelo ya venda. N'chifukwa chake dziko lino lidapatsa bungwe la Malawi Bureau of Standards udindo woyesa masikelo ndi mapampu a mafuta, kuti wogula ndi wogulitsa akhale ndi mboni yosakondera.

Tsono m'misika ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwalowa katundu watsopano, wosaoneka ndi maso, wosagwirika ndi manja, ndipo akugulitsidwa popanda sikelo imene wogula angaiwerenge. Katunduyu ndi data ya intaneti yochokera pa setilaiti. Ife tikuti zimenezi n'zosayenera, ndipo zikonzedwe tsopano, chizolowezi choipa chisanazike mizu.

Tiyambe ndi kuvomereza ubwino wake, kuopa kuti wina angatinene kuti tikudana ndi chitukuko. Mu October 2022 bungwe la MACRA lidapereka chiphaso kwa Starlink, nthambi ya kampani ya SpaceX ya ku America, ndipo mu July 2023 ntchito yake idayamba m'dziko muno. Intaneti ya pa setilaiti si yachilendo kwenikweni, mabanki ndi mabungwe akuluakulu akhala nayo kwa zaka zambiri. Koma setilaiti zakalezo zimakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, kotero uthenga umachedwa panjira ndipo mtengo wake sudali wa munthu wamba. Za Starlink ndi zikwizikwi, ndipo zimazungulira dziko pamtunda wa makilomita mazana ochepa okha. Chofunika pansi pano ndi kadishi kosaposa lichero lalikulu, malo oonekera bwino kumwamba, ndi magetsi amene sola ndi batire zingathe kupereka.

Ngati pali dera limene likufunika chinthu chotere, ndi Chigwa cha Shire. Madzi osefukira a mu January 2015 adamiza midzi kumeneko. Mu March 2019 mvula yokhudzana ndi namondwe wa Idai idabwerezanso. Mu January 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira ku Chikwawa, dziko lonse n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima wake tidaumva mpaka ku Mangochi ndi ku Nkhotakota kwa nthawi yoposa chaka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'Malawi muno. Dera la Makhanga, kwa Mfumu Mlolo, pakati pa Shire ndi Ruo, limasanduka chilumba madzi akakwera, ndipo chikokolokereni njira ya ku Chiromo mu 1997 anthu ake amadalira bwato kuti afike ku Bangula. Nsanja ya netiweki imafuna magetsi, imafuna dizilo wa jenereta, imafunanso msewu woti dizilo adutsepo. Zitatu zonsezi madzi amazichotsa usiku umodzi. Dishi yoyang'ana kumwamba sidikira mlatho. Pa ichi palibe mtsutso.

Mtsutso uli pa momwe intanetiyi ikufikira munthu wamba. Zipangizo zake zimachokera kunja, ndipo miyezi yowerengeka chifikireni Starlink, mu November 2023, kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndi mabanja ochepa m'chigwamo amene angagule dishi paokha n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Choncho dishi imodzi imatumikira anthu ambiri: pachipatala, pasukulu, pa ofesi ya bungwe, pa kopaletivi ya alimi, kapena pa golosale ya munthu amene amagulitsa timapepala tokhala ndi nambala yolowera pa Wi-Fi. Pamene chinthu chimodzi chikudyedwa ndi anthu ambiri, funso loti ndani wadya zingati silingapewedwe.

Ife tidaliona funsoli ndi maso. Tili paulendo wokaona abale m'boma la Nsanje, tidaima pamsika wina n'kugula kapepala kolembedwa 1GB, kuti tilankhule pa vidiyo ndi mwana wathu amene ali ku Johannesburg, monga achitira makolo ambiri a kwathu kuno. Tisanathe mphindi khumi ndi zisanu, nkhope yake idauma pafoni. Tidabwerera kwa wogulitsa uja, ndipo yankho lake lidali liwu limodzi: yatha. Kulankhula pa vidiyo ya WhatsApp kwa nthawi yotere sikudya ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a 1GB. Tidamupempha kuti atisonyeze pamene yathera. Adatambasula manja, nati makina ndiwo amadula, iye sadziwa.

Sitikunena kuti munthuyo adatibera. Mwina foni yathu ndiyo idadya. Mafoni ambiri adapangidwira maiko amene Wi-Fi ya pakhomo sawerengera, kotero foni ikangomva Wi-Fi imayesa yafika padambo la msipu waulere. Imayamba kukonzanso mapulogalamu ake, kutumiza zithunzi zonse kumalo osungira, ndi kukoka mavidiyo a m'magulu a WhatsApp amene adaunjikana kwa masabata, mwini wake osadziwa kanthu. N'kutheka kuti izi ndizo zidachitika. N'kuthekanso kuti makina a wogulitsayo adatcheredwa pa theka la zimene zidalembedwa papepala. Chotipweteka n'chakuti ife sitidathe kutsimikiza kuti talakwiridwa, iyenso sadathe kutsimikiza kuti ndi wolungama. Tidasiyana tikukayikirana, pamene sikelo ikadathetsa nkhaniyo m'kanthawi kochepa. Malonda opanda muyeso amaipitsa mbiri ya wogulitsa woona mtima, n'kubisa wakuba.

Chimene tikufuna n'chapafupi kuchinena. Paliponse pamene dishi imodzi ikutumikira anthu ambiri, pakhale chida chowerengera data chimene wogwiritsa ntchito aliyense angachione pafoni yake: wagula zingati, wadya zingati, zatsala zingati, ndipo zidapita nthawi yanji. App ya kampani imasonyeza mwini akaunti kuchuluka kwa data yonse imene yadutsa pa dishi, koma mayi wokhala pansi pa mtengo ndi kapepala kake alibe njira yoonera zimenezo, ndipo chiwerengero cha onse pamodzi sichimuuza za gawo lake.

Tamva zifukwa zinayi zotsutsa maganizowa, ndipo tiziyankha chimodzichimodzi.

Oyamba amati intaneti ya pa setilaiti ilibe malire, ndiye kuwerenga n'kutaya nthawi. Mawu amenewa ndi amene asokoneza anthu ambiri. N'zoona kuti pali mapulani a pakhomo amene saika malire a magigabaiti. Koma taganizani za mjigo wa pamudzi. Madzi pansi pa nthaka angakhale ochuluka, komabe mpopi wake ndi umodzi, ndipo munthu akabwera ndi migolo isanu, amayi a zidebe amaima padzuwa mpaka masana. Dishi nayo ili ndi kukula kwa mpopi wake, ndipo setilaiti imagawa mphamvu yake kwa madishi onse a m'dera limodzi. Chakumapeto kwa 2024 Starlink idasiya kaye kulandira makasitomala atsopano m'mizinda ngati Nairobi, Harare ndi Lagos chifukwa malo adadzaza. Chinthu chopanda malire sichidzaza. Kuwonjezera apo, mapulani a mabizinesi ndi mabungwe amagulitsidwa ndi muyeso wa magigabaiti, ndipo akatha liwiro limatsika kapena mumalipira zina. Komanso wogulitsa amene walemba 1GB pakapepala waika malire ndi dzanja lake. Sangatiuze kuti kumwamba kulibe muyeso pamene iye akutigulitsa ndi muyeso.

Achiwiri amati kuwerengerana ndi chizindikiro cha kusakhulupirirana, ndipo pamudzi anthu amakhala mwachibale. Ameneyu sadakhalepo pa banki m'khonde. Amayi amene amatunga madzi pamodzi, kulirana maliro ndi kuphikirana paukwati, ndi omwewo amene amawerenga ndalama mokweza pamaso pa gulu lonse, n'kutseka bokosi ndi maloko atatu, makiyi ake n'kusunga anthu atatu osiyana. Amatero chifukwa adaona magulu akutha ndi maubale akusweka pamene msungichuma adati ingondikhulupirirani. Dishi yogulidwa ndi zopereka za komiti ya sukulu, ya mzikiti kapena ya alimi ndi chuma cha gulu monga bokosi lija. Mwezi ukatha pakati, liwiro n'kutsika, anthu adzayamba kulozana zala, ndipo chala chimakonda kugwera wopanda mawu: mlonda, mwana wasukulu, mphunzitsi wobwera. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Popanda chowerengera, palibe amene angathe kuinena.

Achitatu amati anthu akumudzi sangamvetse za mamegabaiti. Ichi ndi chipongwe chovala malaya achifundo. Anthu omwewa amaona ndalama zotsala pa Mpamba ndi pa Airtel Money tsiku ndi tsiku, amadziwa mayunitsi otsala pa mita ya ESCOM, ndipo mlimi wa kudimba ku Nsanje amayang'ana m'mphepete mwa Shire n'kukuuzani masiku amene atsala kuti asamutse mbuzi. Chimene chimawatsekera kunja ndi chilankhulo. Zida zambiri zimalankhula Chingerezi chokhachokha, m'zilembo zing'onozing'ono. Chidacho chilankhule Chichewa, Chisena, Chimang'anja ndi Chiyao, chisonyeze chithunzi cha ndowa imene madzi ake akutsika, muone ngati padzapezeke gogo wosamvetsa.

Achinayi ali ndi mfundo yolemera, ndipo tiilemekeze. Iwo amati chida chowerengera chingasanduke chida chosuzumira. Amalawi sadaiwale makina a CIRMS amene MACRA idagula, omwe anthu adawatcha makina aukazitape, ndipo nkhani yake idatha zaka zambiri m'makhoti. Pamudzi mantha amenewa ndi aakulu koposa, pakuti mwini Wi-Fi ndi mnansi wako. Rauta yake singawerenge mauthenga a pa WhatsApp chifukwa ndi otsekedwa, koma ingathe kuona maina a masamba amene foni yatsegula. Mayi wofufuza za matenda ake, kapena mnyamata wofunsira ntchito mwakachetechete, sayenera kumva nkhani yake ikukambidwa pabawo. Yankho lathu n'lakuti sikelo imanena kulemera kwa thumba, simasula thumbalo. Chida chimene tikufuna chiwerenge kuchuluka ndi nthawi, basi. Chisasunge maina a masamba, ndipo gawo la munthu aliyense lioneke kwa iye mwini, pamene gulu likuona chiwerengero cha onse. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo wogulitsa Wi-Fi pa Nchalo sali pamwamba pake.

Mwina wina angaone ngati tikukangana pa ndalama zochepa za kapepala. Taganizani tsiku la madzi. Anthu mazanamazana athawira pasukulu, msewu wa M1 waduka, nsanja zazima, ndipo njira yokha yolankhulira ndi dziko ndi dishi imodzi yoyendera batire imene dzuwa silidaione masiku atatu. Mlangizi wa zaumoyo akufuna kutumiza ku boma chiwerengero cha odwala m'mimba. Mfumu ikufuna kuuza a DoDMA pamene pali anthu otsakamira m'mitengo. Nthawi yomweyo mafoni makumi asanu alowa pa Wi-Fi, ndipo theka la iwo akukoka mavidiyo eni ake osadziwa. Uthenga wa mlangizi ukuzungulira osapita. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 ndipo adatilira ife a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota pamodzi ndi a ku Nsanje, adatiphunzitsa kuti kuchedwa kwa tsiku limodzi ndi maliro. Munthu sangagawe mwachilungamo chinthu chimene sakuchiona. Chida chowerengera ndicho chimatheketsa kusungira achipatala gawo lawo, kuchepetsa liwiro la foni yadyera, ndi kudziwa ngati zotsalazo zifika mawa.

Chokhumudwitsa n'chakuti chida chotere sichifuna nzeru za kumwezi. Zidutswa zake zilipo kale. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa OpenWrt imene imaikidwa m'marauta otsika mtengo, pali vnStat yowerenga data yodutsa pa ola, pa tsiku ndi pa mwezi, ndipo marauta a MikroTik, amene ogulitsa Wi-Fi ambiri amagwiritsa ntchito, amawerenga kale zimene nambala iliyonse yadya. Chiwerengerocho chimangokhala kumbali ya wogulitsa. Ntchito yotsala ndi yotembenuza sikeloyo kuti iyang'ane kwa wogula, kuiphunzitsa zilankhulo zathu, ndi kuilimbitsa kuti ipirire moyo wa m'chigwa. Ikumbukire chiwerengero magetsi akazima mwadzidzidzi. Isafe ndi kutentha kwa mu October ndi November, pamene ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40. Ichenjeze munthu akafika pa theka, imuchenjezenso akatsala pang'ono, imuuzenso ngati foni yake ikudya mofulumira modabwitsa, kuti aitchere ione Wi-Fi imeneyo ngati yolipira. Inene poyera ngati gigabaiti yake ndi ya mamegabaiti 1,000 kapena 1,024, pakuti miyeso yonse iwiriyi imagwiritsidwa ntchito, ndipo bigili liyenera kudziwika kukula kwake malonda asanayambe. Pakutha pa mwezi, chiwerengero cha chidacho chiyerekezedwe ndi cha kampani, ndipo zotsatira zake zimatidwe pakhoma monga imachitira komiti yabwino ndi ndalama za chitukuko. Mboni ziwiri zikagwirizana mlandu umatha.

Ndani apange? Tisadikire mlendo. Kampani ya ku America ili ndi makasitomala mamiliyoni, ndipo sidzakhala pansi kulemba Chisena chifukwa cha anthu a kwa Mlolo. Sukulu ya ukachenjede ya MUST ili ku Thyolo, pamwamba penipeni pa chigwachi. MUBAS ili ku Blantyre, ulendo wa ola limodzi kutsika zitunda kukafika pa mlatho wa Kamuzu. Ku Zomba ndi ku Mzuzu nakonso ana athu akuphunzira za makompyuta. Chaka ndi chaka amalemba ntchito zomalizira maphunziro zimene zimathera pashelefu. Aphunzitsi awo awatumize ku Bangula, ku Muona ndi ku Makhanga, akakhale sabata pafupi ndi dishi, amve madandaulo a wogula ndi a wogulitsa, kenaka apange chida chimene anthu adzachigwiritse ntchito. Ndipo inu makolo amene muli ndi mwana wodziwa zimenezi, amene wakhala pakhomo akudikira ntchito ya mu ofesi, muuzeni kuti ntchito ili apa.

Kwa a MACRA tili ndi mapempho atatu. Lamulo la Communications Act la 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund lothandizira kufikitsa mauthenga kumadera otsalira. Gawo lochepa la thumba limenelo lingalipire achinyamata opanga chida ichi, n'kuchipereka kwaulere kwa aliyense. Lachiwiri, kugulitsa intaneti kumafuna chiphaso, ndipo malamulo a kampani salola kugulitsanso pulani ya pakhomo popanda chilolezo. Izi zikutanthauza kuti ogulitsa ang'onoang'ono ambiri ali pamalo osadziwika bwino, ndipo wogula wawo akalakwiridwa sadziwa kokadandaula. Kuwathamangitsa kungangobweza mdima m'midzi. Apatsidwe chiphaso chosavuta ndi chotsika mtengo, koma chimodzi mwa zofunika zake chikhale muyeso woonekera kwa wogula. Lachitatu, a MACRA akhale pansi ndi a Malawi Bureau of Standards ndi a Competition and Fair Trading Commission, agwirizane kuti ndani adzayendera miyeso imeneyi monga amayendera masikelo a m'misika. Gigabaiti ndi muyeso wa malonda monga kilogalamu ndi lita.

Mabungwe othandiza nawonso amve. Kusiya dishi pachipatala, kujambulitsa zithunzi n'kubwerera ku Lilongwe si kumaliza ntchito. Tidaona mijigo yambiri itafa chifukwa padalibe komiti yoisamalira. Dishi yopanda chowerengera, yopanda munthu wophunzitsidwa kuchiwerenga, ndi yopanda pangano lolembedwa la ndani adzalipira ntchito ya bungwe ikatha, idzasanduka poyanika mapira.

Mungafunse chifukwa chake tikulembera anthu a kunyanja nkhani ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kumene nsanja sizifika bwino, kaya ndi ku Makanjira, m'midzi ya asodzi ya ku Nkhotakota kapena pachilumba cha Chisi, malonda omwewa adzafika ngati sadafike kale, ndipo mabanja athu, amene ana awo ambiri ali ku Joni, ndiwo adzakhale oyamba kupanga mzere. Chizolowezi chimene chikhazikike m'chigwa ndicho chidzakwere kuno. Wogulitsa akazolowera kunena kuti yatha popanda kusonyeza, kudzakhala kovuta kumubweza, pakuti madzi akatayika saoleka.

Choncho musanapereke ndalama pa kapepala ka Wi-Fi, funsani mafunso atatu. Ndiona pati zimene ndadya? Gigabaiti yanu ndi yaikulu bwanji? Mumasunga chiyani cha zimene ndatsegula? Wogulitsa wolungama sadzakwiya, ndipo ngati alibe yankho lero adzalifunafuna, chifukwa makasitomala akafunsa funso limodzi kakhumi msika umasintha. Ngati muli mu komiti imene ikusonkha ndalama za dishi, musavomere bajeti yopanda rauta yowerengera ndi munthu woiyang'anira. Safunsa adadya phula. Mayi uja wa padoko amatembenuza bigili asanagule usipa wa chakudya cha tsiku limodzi. Atembenuzenso ili, pakuti zodutsamo ndi mawu a mwana wake ndi ndalama zimene mwanayo akutumiza.